Yankho kwa mayi a ku Lizulu pa za mwana amene akugwa

Mayi, ndawerenga funso lanu lokhudza mwana wa achemwali anu, mnyamata wa zaka 11 amene wagwa katatu kuyambira mwezi wa Meyi, nthawi zonse akuuma thupi, kuphupha ndi kutuluka thovu kukamwa. Mwanenanso kuti abale agawanika, atsibweni ake akufuna kupita naye kwa sing'anga pamene agogo ake akuti asiye kaye sukulu kuopa kupatsira anzake. Ndagwira ntchito ya unamwino m'zipatala zing'onozing'ono za ku Ntcheu ndi ku Dedza kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale mwana sayezedwa pa foni, zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi khunyu.

Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Ubongo umalamula thupi potumiza timauthenga ta mphamvu yonga ya magetsi kudzera m'minyewa, ndipo munthu amagwa pamene timauthengati tasokonekera n'kuyamba kuthamanga tonse pa nthawi imodzi. Achipatala amati ndi khunyu munthu akagwa kawiri kapena kuposa apo, pa masiku osiyana, popanda kutentha thupi kapena chifukwa china choonekeratu. Kuphupha kwa makanda ndi ana osapitirira zaka 5 pamene thupi latentha kwambiri ndi nkhani ina, ndipo ambiri amasiya akamakula.

Mwatchula mongodutsa kuti mwanayu anagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu ali ndi zaka 6, pamene banja linkakhala ku Golomoti, ndipo anakomoka masiku awiri. Kwa ine imeneyi ndiyo mfundo yofunika koposa m'funso lanu lonse, ndipo musaiwale kuinena kwa adokotala. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la madokotala lotsogoleredwa ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux linayamba kufufuza malungo a mu ubongo m'zaka za m'ma 1980, ndipo kafukufuku wa kumeneko waonetsa kuti ana ena opulumuka amadzayamba kugwa khunyu patapita miyezi kapena zaka, chifukwa malungowo amasiya chipsera mu ubongo. Matenda oumitsa khosi, kubanika kwa mwana pobadwa ndi kuvulala m'mutu, monga pa ngozi za njinga zamoto zimene zachuluka mu msewu wa M1, zimasiyanso chipsera chotero.

Pali chifukwa chinanso chimene ife a kuno, kumene nkhumba zimawetedwa pafupifupi mudzi uliwonse, tiyenera kuchidziwa bwino. Munthu akadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino yokhala ndi timatuza toyera tonga njere za mpunga, m'mimba mwake mumamera njoka yaitali yaphanthiphanthi. Mazira a njokayi amatuluka ndi chimbudzi cha munthuyo, ndipo wina akawameza kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, amaswa m'thupi n'kukakhazikika mu ubongo. Choncho ngakhale munthu amene sanalaweko nkhumba chibadwire angathe kudwala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'madera amene njokayi ndi yofala, pafupifupi anthu 30 mwa 100 aliwonse odwala khunyu amadwala chifukwa cha iyo.

Agogo ake muwauze mwaulemu koma mosapita m'mbali kuti khunyu silipatsirana, kaya kudzera m'malovu, m'thovu, mu mkodzo kapena mu mpweya umene wodwala amatulutsa akagwa. Chikhulupiriro chimenechi ndimadana nacho kuposa zina zonse, chifukwa ndatsukapo zilonda za anthu amene anagwera pa moto abale awo ataimirira poteropo, akuopa kuwakoka. Ku Lizulu m'miyezi ya Juni ndi Julayi aliyense amafuna kuwotha moto, ndiye mwanayu asakhale yekha pafupi ndi mbaula kapena pa mafuwa, asapite yekha kudambo, kuchitsime kapena kumtsinje, ndiponso asakwere m'mitengo. Zonena kuti wodwala akapsa ndi moto sachiranso ndi zabodza, mankhwala amagwira ntchito chimodzimodzi.

Akagwa, chotsani zinthu zimene zingamuvulaze, muikireni chitenje chopindapinda kunsi kwa mutu, mumasuleni kolala, ndipo kuphupha kukatha mumugoneke chammbali kuti malovu atuluke. Musamupanikize pansi, musamuike supuni kapena kamtengo m'kamwa, pakuti munthu sameza lilime lake koma supuniyo imagulula mano, ndipo musamumwetse kanthu kufikira atatsitsimuka bwinobwino. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala ngakhale ndi pakati pa usiku.

Mankhwala alipo, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Odziwika kwambiri ndi phenobarbitone, carbamazepine, phenytoin ndi sodium valproate. WHO imati pa dziko lonse anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo mpaka 70 mwa 100 aliwonse angasiye kugwa atalandira mankhwala oyenera. Chovuta chake n'chakuti mankhwalawa amamwedwa tsiku lililonse, pa nthawi yofanana, kwa zaka. Mabanja ambiri amasiya mankhwalawa mwana akangotha miyezi itatu osagwa poganiza kuti wachira, ndipo kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kuphupha koopsa kuposa kwa poyamba. Adokotala okha ndiwo amachepetsa mlingo pang'onopang'ono, kawirikawiri munthu atatha zaka ziwiri osagwa. Masabata oyamba mwana angamaodzere, koma zimenezi mukanene kuchipatala m'malo momusiyitsa. Ndinenepo ndi za akuluakulu amene akuwerenga: ena mwa mankhwalawa amafooketsa mapiritsi olerera, kolerera koika pa mkono ndi ma ARV ena, ndipo sodium valproate angavulaze mwana wosabadwa, choncho uzani adokotala zonse zimene mukumwa komanso ngati muli oyembekezera.

Za kwa sing'anga sindikangana ndi atsibweni ake, koma pempho langa ndi lakuti zisachedwetse ulendo wa kuchipatala, ndiponso mwanayo asamwetsedwe zitsamba pamodzi ndi mapiritsi. Sukulu asasiye. Kakambiraneni ndi aphunzitsi ake kuti adziwe chochita akagwa m'kalasi ndi kuletsa anzake kumusala.

Pitani naye pa chipatala chimene chili pafupi sabata ino, ndipo akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza, mwinanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe ngati pafunika kujambula m'mutu. Mutenge buku lake la kuchipatala lakale lija lolembedwa za malungo, mulembe masiku amene anagwa ndi zimene ankachita pa nthawiyo, ndipo apite nanu munthu amene anaona ndi maso kugwako. Akagwanso tsikulo lisanafike, wina amusamale pamene wina akujambula kanema pa foni kuti mukaonetse adokotala.