Mapanga awiri pa khomo la hotela

Abale anga a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene mwangofika kumene ku South Africa, ndikulemba mawu ano ndili pakhomo panga kufupi ndi Luchenza, kumene ndinabwerera nditagwira ntchito zaka zoposa khumi m'mahotela a mumzinda wa Cape Town. Wandichititsa kulemba ndi mwana wa mlongo wanga, amene anandiimbira foni sabata yatha ali ndi chimwemwe chachikulu kuti wapeza ntchito ya concierge pa hotela ina yaing'ono. Nditamufunsa zimene azikachita, anati azilandira alendo, kuwanyamulira katundu ndi kuwaitanira magalimoto, komanso kuti masiku ena azichezera pakhomo usiku wonse akuyang'anira chitseko, makamera ndi malo oimikapo magalimoto. Ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, zimenezo ndi ntchito ziwiri zimene azimanga mtolo umodzi, ndipo usanausenze uyambe waumasula kuti uone zimene zili m'katimo."

Ndisanapite ku Joni ndinali mlonda pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ulonda umene ndinkaudziwa unali wa chibonga, tochi ndi wezulo, woyang'anira fakitale ndi nkhalango ya bulugamu kuti anthu asabe nkhuni. Mlonda wotero ntchito yake ndi kukayikira aliyense amene akuyandikira, ndipo palibe amene amamudzudzula akalimbitsa nkhope. Concierge ndi wosiyana kotheratu, chifukwa iye ndi munthu amene mlendo amathamangirako akafuna chilichonse, kaya malo abwino odyera, kaya tikiti ya boti lopita ku Robben Island, kaya dokotala pakati pa usiku, ndipo amaphunzitsidwa kuti mawu akuti "ayi" asamatuluke msanga pakamwa pake. Eni mahotela ang'onoang'ono amakonda kuphatikiza ziwirizi chifukwa amalipira munthu mmodzi m'malo mwa awiri, komanso chifukwa alendo amamasuka akaona munthu wa jekete ndi tayi pakhomo kusiyana ndi wa jombo ndi ndodo. Ntchitoyi ndi yotheka, ndipo ine inandimangira nyumba ya malata, koma akuluakulu sananame ponena kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Mvula yoyamba imene ingakuvumbweni ndi ya lamulo, ndipo anyamata ambiri amaidziwa zinthu zitavuta kale. Ku South Africa ntchito ya ulonda imayang'aniridwa ndi bungwe la PSIRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la nambala 56 la chaka cha 2001. Aliyense wolipidwa kuti ateteze anthu kapena katundu ayenera kuphunzira magiredi a ulonda, amene amayambira pa E kukafika pa A, ayenera kudinditsa zala kuti aone ngati alibe milandu, kenaka n'kulembetsa ku bungweli. Gawo 23 la lamulolo limanena kuti wolembetsa ayenera kukhala nzika ya dzikolo kapena munthu amene ali ndi chilolezo chokhaliratu m'dzikomo. Anthu othawa kwawo anakadandaula za mfundo imeneyi ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, koma mu 2006 khotilo linaisiya momwemo, ngakhale kuti linakumbutsa kuti bungweli lili ndi mphamvu yopatula munthu pa chifukwa chomveka. Mu 2009 khoti lomwelo linagamulanso kuti alonda olembedwa mwachindunji ndi mwini malo, osadzera ku kampani ya chitetezo, nawonso lamuloli limawakhudza. Tanthauzo lake n'lakuti bwana sangakupulumutseni pongokutchulani dzina lokongola lakuti concierge ngati zimene mukuchita usiku ndi ulonda weniweni, ndipo tsiku limene oyendera adzafike, amene adzavale yunifolomu pakhomopo ndinu.

Ndiwonjezepo mosabisa kuti masiku 30 amene amakudindirani mu pasipoti pa chipata cholowera m'dzikolo cha Beitbridge ndi a mlendo wokacheza, sapereka ufulu wogwira ntchito, ndipo amene wapyola masiku ake ndi oposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa zaka zisanu. Ndikudziwa mmene ambiri a ife timayambira, ndipo sindikuweruza aliyense, koma munthu amene mapepala ake sali bwino ayenera kusamala kawiri kuti asaonjezere mlandu wachiwiri pamwamba pa woyambawo. Musagule chitupa cha PSIRA cha munthu wina, musavomere kusunga mfuti kapena unyolo womangira anthu, ndipo musalole kuti akutumeni kukasecha matumba a antchito anzanu pa geti. Kulonjera alendo, kuwatsegulira chitseko, kuona chachilendo ndi kuitana a chitetezo ovomerezeka, zimenezo wantchito aliyense wa pa hotela amachita. Funsani ngati hotelayo ili ndi mgwirizano ndi kampani ya alonda obwera ndi galimoto munthu akadina batani la ngozi, ndipo akuonetseni pamene pali batanilo tsiku loyamba lomwe.

Ndikufotokozereni zimene zinandichitikira, chifukwa ndi pamene ndinaona kuti ntchito ziwirizi zimakokana. Unali usiku wa mwezi wa Julayi, mvumbi ukugwa ngati chiperoni cha kwathu kuno, ndipo ndinali ndekha pansi chifukwa eni hotela anali atachotsa munthu wa pa risepushoni wa usiku pofuna kuchepetsa ndalama. Cha m'ma 1 koloko kunafika mayi wachikulire wochokera ku bwalo la ndege, atanyamula masutikesi awiri olemera, akunjenjemera ndi kuzizira. Mtima wa kwathu sunandilole kumuona akuvutika. Ndinatchinjiriza chitseko cha kutsogolo ndi kamtengo kuti katundu alowe bwino, ndinamulembetsa, ndipo ndinakwera naye chikepe mpaka pa nyumba yachitatu yosanja, kamtengo kaja ndisanakachotse. Sindinathe mphindi khumi, koma pobwerera ndinapeza kompyuta ya pa risepushoni palibe. Kamera inaonetsa mnyamata amene anali atausa mvula pakhonde la tsidya lina la msewu, akuyang'ana zonse zimene ndinkachita, ndipo analowa mosathamanga n'komwe. M'mawa manijala sanafunse za mayi uja, amene anandiyamikira kwambiri pochoka. Anafunsa chifukwa chimene ndinasiyira khomo.

Kuchokera tsiku limenelo ndinaika lamulo langa lakuti ndikakhala ndekha, khomo ndilo loyamba, ndipo mlendo ndimamuuza mwaulemu kuti andidikire pang'ono nditseke kaye, kapena kuti katundu wake akhale m'chipinda chosungiramo mpaka mnzanga atafika. Alendo ambiri amamvetsa, ndipo ena amakondwera kumene poona kuti malo amene agonewo akusamalidwa. Koma chofunika kwambiri n'chakuti bwana anene yekha, ndipo alembe, kuti ntchito ziwirizi zikagundana inu muyambe iti, chifukwa zikangokhala za pakamwa mudzapezeka olakwa mbali zonse ziwiri: mukasiya khomo mwalakwa, mukakana kunyamula katundu mwalakwanso.

Ndalama ya kompyuta ija anandidula yonse mwezi umodzi, ndipo ndinangokhala chete chifukwa cha umbuli. Pambuyo pake ndinadziwa kuti lamulo la za ntchito la 1997 silimulola bwana kudula malipiro chifukwa cha katundu wotayika pokhapokha wantchito atapatsidwa mpata woyankhapo, atavomera mochita kulemba, ndipo zodulidwazo zisapyole gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake. Lamulo lomwelo limaika maola 45 pa sabata ngati maola wamba, limati ovataimu ilipidwe pa mlingo wa ola limodzi ndi theka, ndipo wogwira ntchito pakati pa 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa ayenera kulandira kena koonjezera kapena kuchepetseredwa maola. Alonda olembetsedwa ali ndi mgwirizano wawo wa malipiro ndi mashifiti, choncho dziwani kuti inu akukuwerengerani mbali iti. Malipiro otsikitsitsa a dziko lonse anali R28.79 pa ola kuyambira pa 1 Malichi 2025, ndipo amaunikidwa chaka ndi chaka. Akakuchotsani ntchito mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya antchito ndi mabwana, kumene salipiritsa, ndipo mu 2008 khoti la za ntchito linagamula kuti ngakhale munthu wa dziko lina amene pemiti yake yogwirira ntchito inatha amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo. Sungani mapepala onse a malipiro, ndipo maola anu muzilemba m'kope lanu lanu.

Pali chinthu china chimene ife a kwathu kuno chimativuta, ndipo chimachokera ku khalidwe labwino limene makolo anatiphunzitsa. Tinaleredwa kuti mlendo sakanizidwa njira, ndiponso kuti munthu wamkulu wovala bwino sitimufunsa mafunso. Tsiku lina madzulo kunabwera bambo wa suti, atanyamula maluwa, n'kutchula dzina la mayi wina amene analidi m'hotelamo, akuti ndi mkazi wake ndipo akufuna kumudzidzimutsa ndi mphatso, choncho ndimuuze nambala ya chipinda. Ankalankhula mofatsa, ndipo ndalama ya pepala inali itatuluka kale pakati pa zala zake. Ndinamuuza kuti sindingathe kunena ngati munthu wa dzina limenelo ali nafe kapena ayi, koma akhoza kusiya maluwawo ndi uthenga wake, ndipo ngati munthuyo alipo azilandira. Nkhope yake inasintha, anakweza mawu, anafunsa dzina langa ndi dziko limene ndinachokera, koma ndinangobwereza mawu omwewo manja anga ali pa tebulo, chala chili pafupi ndi batani. Atachoka ndinaimbira mayi uja m'chipinda mwake, ndipo anakhala chete kwa kanthawi asanandipemphe, mawu akunjenjemera, kuti timusamutsire chipinda china usiku womwewo. Nambala ya chipinda sitchulidwa mokweza ngakhale kwa mwini wake, imalembedwa pa kakhadi. Amene wataya kiyi aonetse chiphaso asanapatsidwe ina, ngakhale atakwiya chotani. Dzikolo lilinso ndi lamulo loteteza chinsinsi cha anthu, lotchedwa POPIA, ndipo buku la alendo si loti aliyense azisuzumiramo.

Kukana kumakhala kowawa kwambiri pamene wopemphayo ndi m'bale wa kumudzi. Adzabwera anzanu a ku Goliati, a ku Chitakale kapena a ku Limbuli, ena kudzapempha kuti atchaje foni, ena kuti agone m'chipinda cha alonda usiku umodzi chifukwa asowa kolowera, ndipo ena adzangofunsa mocheza kuti ndalama za hotela zimatengedwa tsiku liti. Athandizeni ndi ndalama ya m'thumba mwanu kapena ndi malo kunyumba kwanu, koma osati ndi makiyi a bwana, chifukwa pakasowa kanthu woyamba kukayikiridwa ndi mlendo wa dziko lina amene anali pakhomo, ndipo mbiri yoipa ya munthu mmodzi imatsekera Amalawi onse a m'dera limenelo, pomwe ambiri amatilemba ntchito chifukwa cha mbiri ya kukhulupirika.

Pali malo amene ntchito ziwirizi zimagwirizana bwino, ndipo pamenepo m'pamene ndinkaikonda. Mlendo akafunsa za kukwera Table Mountain, mwana wa ku Mulanje safunika kuphunzitsidwa kuti phiri limasintha nyengo m'kanthawi kochepa, chifukwa tinakula tikuona anthu akutenga operekeza pa Likhubula. Muuzeni asapite yekha, atenge madzi ndi chofunda, ndipo adziwe kuti chikepe cha pa chingwe chimaima mphepo ikakula, monganso boti la ku Robben Island limalephereka nyanja ikawinduka. Muchenjezeni za akuba amene amavala ngati alonda m'tauni, n'kumauza alendo kuti ayenera kulipira chilolezo choyendera mumsewu pa makina a ndalama, pomwe chilolezo chotero kulibe. Galimoto imene mwamuitanira, onani nambala yake musanamukweze. Mlendo amaona ngati mwangomuthandiza, koma mwamulonderanso.

Za achifwamba ndinena mwachidule: akabwera ndi mfuti musalimbane nawo, musawayang'anitsitse m'maso, ndipo musawathamangire akamachoka. Katundu wa hotela ali ndi inshuwalansi, koma ana anu ku Thyolo alibe bambo wina. Nambala ya apolisi ndi 10111, ya ambulansi ndi 10177, ndipo pa foni ya m'manja 112 imagwira. Yendani makomo onse othawirapo moto ndi mapazi anu sabata yoyamba, dziwani zipinda zimene muli okalamba kapena olumala usiku uliwonse, ndipo tochi ikhale m'thumba chifukwa magetsi akazima maloko ndi makamera ena amatenga kanthawi kuti adzukenso. Chilichonse chachilendo chilembeni m'buku la zochitika, limene alonda amalitcha OB, ndi nthawi yake yeniyeni, osasiya mzere wopanda kanthu ndiponso osang'amba tsamba, pakuti pa mlandu bukulo ndilo mboni yanu.

Mphwanga uja wandilonjeza kuti Lolemba akafunsa manijala wake zinthu zitatu asanavale jekete: ngati usiku azikhala yekha, ngati pali alonda olembetsedwa amene angawaitane, ndiponso ntchito imene ayambe mlendo ndi khomo zikamufuna nthawi imodzi. Ndamuuza kuti kontrakitiyo akaitengere kunyumba, ndipo madzulo ake andiwerengere pafoni mzere ndi mzere asanasaine.