Kodi tilowe m'nyumba isanathe? Yankho kwa mayi amene akumanga ku Chalala

Ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa mu Lusaka amene akuchita lendi ku Chilenje koma akumanga ku Chalala. Nyumba yawo ya zipinda zogona zitatu yafika pa mawindo, ndalama yatsala pang'ono, ndipo mvula ili pafupi. Bambo akufuna kuti afolere mbali imodzi, alowe ndi ana, ndalama ya lendi izipita ku simenti. Mayiwa akuopa. Akudandaulanso kuti simenti ikutha msanga kuposa mmene mmisiri ananenera, komanso masiku ena akafika kupuloti amapeza kuli zii. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi tilowe, kapena tidikire ithe?"

Amayi, lowani. Pa nkhani ya lendi bambo akunena zoona, ndipo kugona m'nyumba yopanda pulasitala si chinthu chochititsa manyazi. Yendani ku Chalala komweko, ku Silverest, ku Lusaka West kapena ku 10 Miles, mudzaona makatani pa mawindo a nyumba zimene mbali ina idakali mabuloko okhaokha. Koma mantha anu ali ndi chifukwa, ndipo pali zinthu zimene sindingalole kuti muzidumphe chifukwa cha changu.

Choyamba ndi ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma onse. Musafolere zipinda ziwiri kwinaku makoma ena ataima paokha pa mawindo. Kwezani nyumba yonse mpaka pamwamba, muike zitsulo, muthire konkire kuzungulira nyumba yonse, makamaka tsiku limodzi kuti pasakhale zolumikiza zambiri. Ndiyo imamanga makoma pamodzi, ndipo khoma lalitali lopanda chogwira pamwamba limachita ming'alu. Pothira konkireyo muikiretu mawaya kapena tizitsulo todzamangira matabwa a denga. Mphepo imene imabwera ndi mvula yoyamba mu Novembala imasasula malata amene anangokhomeredwa pamwamba osamangidwa ku khoma. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo imafika pa mphamvu yake yonse pa masiku 28. Kutentha kwa Okutobala kumaiumitsa isanalimbe, choncho pakhale munthu amene ntchito yake ndi kuthira madzi m'mawa ndi madzulo, ngakhale Lamlungu.

Mukatero mukhoza kufolera mbali imodzi. Kalipentala ayeze denga la nyumba yonse, kenako adule pa khoma lamkati, kuti podzapitiriza musadzaphwasule zimene mwalipira kale. Matabwa a ku Buseko sankhani ouma, muwapake mankhwala a chiswe asanakwere. Thabwa laliwisi limapindika likamauma, misomali n'kumasuka, denga n'kuyamba kudontha chaka chake chomwecho.

Tsopano nkhani imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, imene simunaitchule n'komwe m'kalata yanu: chimbudzi ndi madzi. Mbali yaikulu ya Lusaka, makamaka kum'mwera ndi kumadzulo, inakhala pa mwala wa laimu umene uli ndi mapanga ndi ming'alu pansi. Madzi amayenda msanga m'menemo, osasefedwa bwino ngati mmene amachitira m'dothi lakuya. Kumadera atsopano ngati kwanuko, puloti iliyonse ili ndi borehole yake ndi septic tank yake, ndiye zimene mnansi wataya zikhoza kufika m'madzi amene ana anu akumwa. Malamulo a madzi a pansi pa nthaka a 2018, amene amayang'aniridwa ndi WARMA, bungwe la boma loona za madzi, amafuna kuti borehole ilembetsedwe ndiponso italikirane ndi chimbudzi kapena septic tank mamita 30. Pa puloti ya mamita 20 kwa 30 zimenezi n'zovuta, choncho musangoyang'ana mkati mwa mpanda wanu. Pitani mukacheze ndi anansi a mbali zonse, muone pamene anaika soakaway yawo, dzenje limene madzi ochokera mu septic tank amalowera pansi. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mu 2024. Madzi a borehole kuoneka oyera sikutanthauza kuti ndi abwino. Kawayezetseni, ndipo akumwa muziwiritsa kapena kuthira kolorini.

Dziwaninso kuti kukumba septic tank ku Chalala nthawi zambiri kumakumana ndi mwala. Mtengo umene anyamata okumba angakuuzeni poyamba umasintha piki ikangogunda thanthwe, chifukwa pamafunika ophwanya miyala kapena kompresa. Sungani ndalama ya zimenezi pambali. Ndipo dzenje lisakhale lotsegula mvula ikayamba. Dzenje lodzaza madzi pabwalo pamene ana akusewera ndi ngozi imene ndimaiopa kuposa denga lodontha. Zitsulo zosongoka zimene zatulukira pa makoma osatha muzipinde kapena muziveke mabotolo.

Magetsi angadikire. Lembetsani ku ZESCO msanga kuti mukhale pamzere, koma chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba magetsi n'kumazimazima, chinatiphunzitsa tonse kukhala ndi kasola ka nyali ndi mafoni. Chofunika n'chakuti mapaipi a mawaya alowe m'makoma musanachite pulasitala.

Za simenti. Musafulumire kunena kuti mmisiri akuba, ngakhale kuti zimachitika. Mabuloko osafanana kukula amadya daka yambiri, chifukwa womanga amakulitsa mpata kuti mzere uwongoke. Thumba loikidwa pa silabu popanda matabwa pansi limakoka chinyezi n'kuchita mibulu, theka n'kutayidwa. Njira yodziwira zoona ndi imodzi: tsiku Loweruka khalani kupuloti kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, muwerenge matumba a makilogalamu 50 amene atsegulidwa ndi mabuloko amene akwera. Chiwerengero chimenecho ndicho muyezo wa nyumba yanu. Gulani kabuku, tsiku lililonse muzilemba matumba amene atuluka m'sitolo ya kupuloti, ndipo mapepala a simenti yotha azisungidwa kuti muwawerenge. Masiku amene simupita, mlonda akutumizireni zithunzi pa WhatsApp m'mawa ndi madzulo. Ndipo musasangalale simenti ikamakhalitsa kwambiri, chifukwa mwina daka yachuluka mchenga. Kandani mpata wa mabuloko ndi msomali. Ikamayoyoka ngati shuga, imitsani ntchito.

Mvula isanatseke msewu, tutiranitu mchenga, quarry dust, miyala, mabuloko ndi zitsulo, popeza lole yodzaza imatitimira m'misewu ya dothi mu Januwale. Simenti yokha muzigula pang'onopang'ono.

Kusowa kwa mmisiri kuli ndi mbali ziwiri. Munthu amene amamanga kwa ife omanga ndi malipiro a pamwezi amadziwa kuti ntchito idzaima pakati pa mwezi, ndiye amakhala ndi mapuloti ena awiri kapena atatu. Nayenso ali ndi ana. Koma amasowa kwambiri akalandira ndalama ya ntchito imene sanagwire. Gwirizanani mtengo wa gawo lililonse palokha: kufika pa ring beam ndalama zakuti, denga zakuti. Lembani papepala, musaine nonse. Perekani kochepa koyambira, zotsala akamaliza inu mutaona ndi maso. Inunso sungani pangano: tsiku lolipira likafika, lipirani, chifukwa anyamata a daka amadya za tsiku lomwelo, ndipo akagona ndi njala mawa sabwera. Musayambitse gawo limene zipangizo zake sizinakwane.

Chinanso, ndikupempha ndi ulemu, inu ndi bambo muzipangana kunyumba musanalankhule ndi mmisiri. Bambo akanena m'mawa kuti chitseko chikhale apa, inu madzulo n'kunena kuti chisunthe, khoma limagwetsedwa ndipo simenti imene mukuifunafuna ija imathera pomwepo. Kusintha kwakukulu kumasemphananso ndi pulani imene khansolo inavomereza. Pulaniyo ndi mapepala a malo, kaya muli kale ndi taito ya zaka 99 kaya idakali m'njira, zisungeni kumene mukugona, osati m'sitolo ya kupuloti. Mukapita kukhansolo funsaninso za chilolezo cholowera m'nyumba.

Matailosi, siling'i, penti ndi makabati a kukhitchini zidzabwera ndi ndalama ya lendi ija. Mafelemu ndi mabagala a mawindo okha musawasiye. Owotcherera a ku Kalingalinga amafuna miyezo yeniyeni, choncho mmisiri ayeze windo lililonse palokha makoma atatha.

Landilodi wanu wa ku Chilenje musamuuze tsiku lotuluka potengera lonjezo la mmisiri. Dikirani mpaka denga litapyola mvula yamphamvu imodzi osadontha, zitseko zakunja zikukiyika, septic tank yavundikiridwa ndipo chimbudzi chikugwira ntchito. Zikakhala kuti zimenezi zikufikitsani mu Febuluwale, lipirani lendi ya miyezi imeneyo.