Kadulidwe ka bulugamu wopendekeka

Achimwene, bulugamu wanu wopendekeka amene mukufuna kudulayo musamuyambire kumbuyo. Yambani mwasema kakamwa mbali imene wapendekera, kakulowa gawo limodzi mwa magawo anayi a thunthu. Mukatero dulani kumbuyo, chapamwamba pang'ono pa kakamwako, koma osadula n'kutulukira. Siyani kamnofu pakati, ndiko kamawongolera mtengo pogwa.

Ine ndinadulapo paini osasiya kamnofuko cha ku Chongoni kuno. Mtengo unazungulira pachitsa, tsinde n'kundiphonya bondo pang'onong'ono. Musanalize makina lambulani kothawira, chammbali chakumbuyo. Nsonga ya chainsaw isagunde mtengo, imadumphira kumaso.

Ngati wapendekeka kwambiri, thunthu limatha kung'ambika musanamalize. Akapendekeka choncho, kapena pafupi pakakhala nyumba kaya mawaya a ESCOM, itanani wodziwa ntchitoyi, mufunsenso a zankhalango pa boma la Dedza.