Credit score siyeza chuma chanu, imayeza mmene mumabwezera ngongole

Achemwali, mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti banki ikukanizeni ngongole chifukwa cha credit score (mapointi osonyeza mmene munthu amabwezera ngongole), chonsecho malipiro anu ndi abwino ndipo simunakongolepo kulikonse. Mwatinso mukuopa kudzionera nokha score yanuyo poti anzanu akuti mukatero itsika. Nkhaniyi imandipweteka mtima chifukwa ovutika nayo kawirikawiri ndi anthu osamala ndalama ngati inuyo.

Score siona malipiro anu kapena ndalama zimene zili ku akaunti. Za malipiro banki imafunsa payokha. Score imachokera mu lipoti la mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga TransUnion, Experian ndi Equifax, potengera zimene obwereketsa awauza. Tsono munthu amene sanakongolepo, lipoti lake limakhala lopanda kanthu. Sakukuonani ngati wakuba ayi, koma alibe poonera kuti mukapatsidwa ndalama mumabweza bwanji. N'chifukwa chake wolandira zochepa koma wobweza mwezi ndi mwezi akhoza kuposa bwana wa malipiro aakulu amene amachedwetsa.

Taonani njira yowerengera score yotchedwa FICO ya ku America, imene inayamba mu 1989 ndipo imapereka mapointi kuchokera pa 300 kufika 850. Kubweza pa nthawi yake kumatenga 35 peresenti, kuchuluka kwa ngongole imene muli nayo 30, kutalika kwa mbiri yanu 15, ngongole zatsopano 10, mitundu ya ngongole 10. Malipiro mulibemo. Mabungwe ena amawerengera mosiyanako, ndiye musadabwe mukapeza kuti muli ndi ma score angapo osafanana.

Zoti kudzionera nokha score yanu kumaitsitsa ndi zabodza. Chimene chimatsitsako pang'ono ndi pamene wobwereketsa wafufuza lipoti lanu chifukwa mwapempha ngongole, makamaka mukamapempha uku ndi uku nthawi imodzi. Ine ndikukupemphani kuti muliitanitse lipotilo ndi kuliwerenga mofatsa. Zolakwika zimapezekamo: ngongole ya munthu wina wa dzina lofanana ndi lanu, kapena imene inabwezedwa kale koma ikuonekabe ngati ilipo. Muli ndi ufulu wodandaula kuti akonze.

Mudzamvanso ena akunena kuti pa kirediti kadi muzisiyako kangongole kuti score ikwere. Musamvere, kumeneko n'kungopereka chiwongoladzanja chaulere. Gwiritsani ntchito gawo lochepa la malire a ngongole amene akupatsani pa kadiyo, mwezi ukatha lipirani yonse. Kutseka kadi yakale nakonso sikuthandiza monga ambiri amaganizira, chifukwa malire anu onse amachepa ndipo ngongole yotsala imaoneka yaikulu. Kadi ya debit yokha simanga mbiri, poti ndalamazo ndi zanu zomwe.

Kumaliza ngongole imene munachedwetsa sikufufuta mbiriyo tsiku lomwelo. Ku America zolemba zambiri zoipa zimakhala zaka 7, ndipo dziko lililonse lili ndi nthawi yake. Wina akakuuzani kuti mumulipire kuti achotse mbiri yoona, musamupatse ndalama.

Ukwati suphatikiza ma score a anthu awiri, koma ngongole yotengera limodzi kapena kusainira mnzanu zikhoza kukukhudzani iye akalephera. Kwa inu, poyambira ndi ngongole yaing'ono imene mungabweze mosavutika. Musanasaine, funsani ngati wobwereketsayo amatumiza mbiri ku mabungwe aja, chifukwa ngati satumiza, kubweza kwanu konse sikudzaoneka mu lipoti.