Wolemba salemba moyo wake wokha, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati wolemba nkhani zopeka za ubwana ndi tsankho la khungu amangotenga moyo wake n'kusintha mayina. Si choncho kwenikweni, komabe zimene anaona ali mwana ndizo zimamupatsa zolemba.

Taonani Peter Abrahams, wobadwira konkuno ku Johannesburg, m'dera la Vrededorp, mu 1919, pafupi ndi Fordsburg kumene ambirife timakagula zinthu. Bambo ake anali a ku Ethiopia, mayi ake mkaladi. Bambowo anamwalira iye akadali wamng'ono, umphawi n'kulowa m'nyumba. Ubwana umenewu anaufotokoza mosabisa mu Tell Freedom, ya 1954.

Mine Boy, ya 1946, ndiye yopeka. Xuma, mwininkhani wa m'bukuli, si Abrahams ayi, ndi mwamuna wochokera kumudzi kudzagwira ntchito m'migodi ya golide, ngati agogo athu a Wenela aja. Koma amayi ofulula mowa mobisa, kukwirira zigubu pansi apolisi asanatulukire, chitupa chofunsidwa pamsewu, izi munthu sangazipeke atakhala patali. Abrahams anakulira pakati pake.

Ine ndimaona kuti Xuma penapake amalankhula maganizo a wolemba, osati a munthu wa kumgodi. Muyambe ndi Tell Freedom.