Kuyankha azakhali za timoto ta m'bulangete

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, kungoti unandipeza ndili panjira, ndiye ndinati ndifike kaye ndikhale pansi. Mwati bulangete lanu likumathetheka usiku n'kumaonetsa timoto tabuluu, komanso chitseko cha galimoto chikumakumenyani shoko potsika. Choyamba, mtima ukhale m'malo. Palibe munthu wakuchitani chipongwe. Magetsi amenewo akupangika pakati pa thupi lanu ndi nsaluzo.

Zimakhala chonchi. Chinthu chilichonse, kaya bulangete, tsitsi, ngakhale khungu lanulo, chili ndi tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maelekitironi. Zinthu ziwiri zosiyana zikakhudzana n'kulekana, tina mwa tinthuti timachoka uku n'kukakamira uko. China chatsala ndi tochepa, chinzake chatenga tambiri. Mukamazikhuza ndiye kuti malo okhudzana akuchuluka, tosamuka natonso timachuluka. Tsono mabulangete ofewa a masiku anowa ndi a poliyesitala, ena nayiloni, ndipo nsalu zimenezi sizilola magetsi kuyenda. Akakakamira pamenepo amangounjikana. Mwatembenuka, mwatembenukanso, kenako mwakoka bulangete lija, tinthu tija timalumpha kudutsa mumpweya kupita kumene tikuperewera. Kulumpha kumeneko ndiye kamoto mukuonako, ndi kaphokoso kaja koti the! the!

Mukukumbukira ana asukulu akamakhuza lula m'mutu n'kumanyamulira tizidutswa ta pepala? N'zomwezo ndithu. Ndipotu anthu anaziona kalekale. Agiriki akale ankakhuza utomoni wouma wa mitengo wotchedwa amber, n'kuona ukukoka nthenga ndi tizinyalala. Iwo ankautcha elektron, ndipo dzina la tinthu tija linachokera pamenepo.

Nanga bwanji zayamba pano, osati mu Januwale? Apa ndiye pagona nkhani. Kwanuko ku Johannesburg mu Juni ndi Julayi mvula kulibe, mpweya umauma gwa, milomo mpaka kung'ambika, inu mukudziwa bwino. Nthawi ya mvula pamwamba pa zinthu pamakhala kachinyezi kosaoneka kamene kamatulutsa magetsiwo pang'onopang'ono asanachuluke. Kukauma amasowa podzera. Mukayatsanso hita m'chipinda ndiye zimanyanyira. Kunonso zimachitika nyengo yozizira ino. Ine dzana povula juzi mumdima ndinaona timoto tikuthamanga m'mikono, ubweya wa pamkono utaima njo.

Za galimotozo, potsika mumakhuza msana ndi chovala pampando. Nsapato zanu pansi pake ndi mphira, ndiye magetsi sangalowe m'nthaka. Mwangokhudza chitsulo, onse amatulukira pachala kamodzi. Kuti munthu amve shoko yotere pamafunika ma volt (muyeso wa mphamvu yokankha magetsi) pafupifupi 3,000, pomwe m'soketi muli 230 okha. Nambalayo isakuopseni. Magetsi enieni odutsa pa shoko yotereyi ndi ochepa kwambiri ndipo amatha musanaphethire n'komwe. A m'soketi amabwerabe osaleka, ndiwo amapha munthu.

Chochita n'chosavuta. Gwirani chitsulo cha galimoto musanaponde pansi, musasiye mpaka mutaimirira. Dzolani mafuta okwanira khungu lisaume. Yalani nsalu ya thonje pakati pa inu ndi bulangetelo, ndipo ngati mukuyatsa hita, ikani beseni la madzi m'chipindamo, patali ndi mawaya.

Pali malo amodzi pomwe kamoto kameneka sikamasewera, ndipo nonse muli pagulu pano mumve bwino: pa petulo. Nthunzi ya petulo imayaka ndi kanthethe kakang'ono komweko. Mukamathira petulo m'chigubu, chitsitseni pansi, osathira chili m'galimoto kapena kumbuyo kwa lole. Izi chonde musazitenge mopepuka.

Komanso azakhali, ndikufuna mundiyankhe chinthu chimodzi. Shoko ya mtundu uwu imamenya kamodzi basi, mukagwiranso pomwepo simumva kanthu. Koma ngati ketulo, firiji kapena mpopi wa kubafa ukumanjenjemeretsa dzanja nthawi yonse imene mwaugwira, imeneyo ndi nkhani ina. Pamenepo zimitsani magetsi pa meni switchi, ana asayandikire, muitane wodziwa za magetsi tsiku lomwelo. Ndiye mundiuze, ndi bulangete ndi galimoto zokha, kapena pali chinanso m'nyumbamo chimene chikumakugwirani?