Mwafunsa kuti alipo angati, ine ndakumbukira mlongo wanga

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wake wa miyezi isanu madokotala amupeza ndi Down syndrome, vuto lobadwa nalo lomwe limachedwetsa kukula ndi kuphunzira kwa mwana, ndipo akufuna kudziwa kuti anthu otere alipo angati kwathu kuno.

Mayi, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mlongo wanga wotsiriza m'mimba mwathu anabadwa chonchi amayi ali ndi zaka 41. Anachedwa kukhala, anachedwa kuyenda, lilime limakonda kutuluka. Ku sikelo ankangomuyeza n'kulemba kulemera kwake m'kabuku, palibe anatchulapo dzina la vutolo. Kumudzi dzina analipeza msanga: akuti bambo anamukhwimira kuti golosale iyende. Amayi anasiya kupita naye kuchitsime, kenako kutchalitchi. Usiku ndinkagona naye mphasa imodzi, ndikumva mmene ankapumira movutikira, osadziwa kuti ndi mtima. Anatisiya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinadzamva ndili wamkulu kuti pafupifupi theka la ana otere amabadwa ndi vuto la mtima, loti nthawi zambiri opaleshoni imakonza.

Mlongo wangayo sanalowe m'chiwerengero chilichonse, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndikunenetsa: boma silingagule mankhwala kapena kuphunzitsa aphunzitsi chifukwa cha ana amene silinawawerenge. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, anafunsa za khungu la chialubino, za khunyu, za kuvutika kuona, kumva ndi kuyenda. Mwana ngati wathu uja amangomira m'gulu la ovutika kuphunzira, ngati banja lamutchula n'komwe.

Za ufitizo ndilibe nazo chipiriro. Munthu amakhala ndi makromozomu 46, tinthu ta m'maselo a thupi tonyamula chibadwa, koma ana ambiri ngati wanu ali ndi 47 chifukwa ya nambala 21 ili itatu m'malo mwa iwiri. Izi zinadziwika mu 1959 ku France, ndipo tsiku lawo padziko lonse ndi 21 Malichi, mwezi wachitatu, pokumbukira itatu ya nambala 21 ija. Palibe chimene munadya kapena kulakwa.

Nanga amawerenga bwanji?

Ngakhale ku Ulaya sanayende khomo ndi khomo. Ofufuza Gert de Graaf, Frank Buckley ndi Brian Skotko anatenga chiwerengero cha ana obadwa chaka ndi chaka ndi zaka za amayi awo, pakuti mwayi wobereka mwana wotere umakwera ndi msinkhu, kufika pa mwana mmodzi mwa 100 mayi akakhala ndi zaka 40. Pa chiwerengerocho anachotsapo nambala ya mimba zothetsedwa madokotala atayeza, n'kuona kuti obadwawo amakhala moyo zaka zingati. Anapeza kuti mu 2015 ku Ulaya kunali anthu opitirira 400,000, ndipo ana pafupifupi 8,000 ankabadwa chaka chilichonse. Mbali yovuta ndi ya kutalika kwa moyoyo, pakuti kumasintha. Ku America mu 1983 anthu otere ankafika zaka 25, lero amafika cha m'ma 60.

Kwathu tingayambe ndi mlingo wa United Nations wa mwana mmodzi mwa 1,000 kapena 1,100. Ku Malawi kumabadwa ana opitirira 600,000 pachaka, ndiye kuti ana ngati wanu ndi cha m'ma 600 chaka chilichonse. Inu pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu akamuunike mtima, ayezenso chithokomiro ndi makutu, ndipo auzeni alembe dzina la vutoli m'kabuku kake.